Mmisiri Wopenta Kunsi

Aliyense amene anagulapo beshiki kwa a Turdiali amakumbukira chinthu chimodzi: anamugoneka pansi. Zinalibe kanthu kuti ndiwe mkazi wa dokotala kapena wavala diresi yatsopano. Ukangofika pa shedi yawo mumsika wa ku Kokand n'kuloza kabedi ka khanda kamene kakukomera, iwo ankayala chiguduli n'kunena kuti, "Tagonani chagada, mayi, mutsamire mutu m'katimo. Mwini wake azidzaiona choncho."

Ambiri ankaseka n'kumapita. Ena ankachita tsinya, n'kufunsa ngati mkuluyu mutu wake ukuyenda bwino. Ochepa amene ankalolera kugona ankadzuka akumwetulira okhaokha, n'kuyamba kumasula kansalu ka ndalama. Ine ndinagulitsa moyandikana nawo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo sindinagonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinkati ndine munthu wamkulu, sindingamagubuduke m'fumbi ngati bulu.

Dzina langa ndine Salomat. Ndimasoka zonse zimene beshiki imavala: kamatiresi, kapilo, malamba omangira mwana kuti asagwe pomugwedeza, ndi chinsalu chachikulu chophimba pamwamba. Amuna anga anamwalira mwana wathu Zebo ali ndi zaka zitatu. Nditapita kukapempha malo mumsika, anandipatsa aja amene aliyense ankawakana, oyandikana ndi mmisiri wa mabeshiki, chifukwa utuchi unkadetsa katundu ndipo fungo la penti linkapweteketsa mutu. Tsiku loyamba ndinapeza mwamuna wamfupi, wa makutu aakulu, kachipewa kake kali mathothomathotho a penti. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Zebo, n'kunena kuti, "Chemwali, utuchi ndi waulere. Tiyi nayenso."

Umo ndi mmene zinayambira. Tsiku lililonse cha m'ma teni, iwo ankaika pansi bulashi n'kutulutsa tipoti yawo. Inali yakalekale, mlomo wake unaduka ndipo wina anauwonjezera ndi kachitini. Timakapu tinali tiwiri, ka buluu ndi koyera kobenthuka m'mphepete. Kobenthukako kanali kawo, ndipo ukakagwira inali nkhondo. Ankathira monga amathirira munthu wolemekezeka, pang'ono pokha pansi pa kapu, kuti uzipemphanso ndipo iwo azikuthiriranso. Kwathu kuno kapu yodzaza mpaka m'milomo ndi ya mlendo amene watopetsa: imwa uzipita.

"Achimwene, kodi tiyiyu mukumuyeza ndi supuni ya mankhwala?" ndinkawaputa choncho.

"Ndikakudzazirani muthawa, ndiye ndizikangana ndi ndani?"

Mabeshiki awo anali a mtengo wa mabulosi woumitsidwa zaka zitatu padenga la nyumba yawo. Msomali sankaufuna, ankalumikiza mtengo ndi mtengo unzake. Kunja ankangopaka mafuta n'kujambula timizere tiwiri, kofiira ndi kobiriwira, basi. Luso lawo lonse linkathera kunsi kwa mtanda wopingasa pamwamba pake, umene mayi amagwira pogwedeza. Kumeneko, kumene palibe munthu woimirira angaoneko, ankakhalako masiku awiri ndi kabulashi ka ubweya wa mbuzi. Amene anagonapo ankandiuza kuti kuli anamzeze, nsomba, mavwende, nyerere zitasenza njere. Akuti palibe mabeshiki awiri amene ankafanana.

Tinkakangana za zimenezi pafupifupi sabata iliyonse.

"Mukanapenta kunjaku bwenzi muli ndi galimoto," ndinkatero.

"Kunjaku amakuona nthawi yaitali bwanji? Kuchokera pakhomo pa agogo kukafika kwa apongozi. Akangofika, inu nomwe mumakuphimba ndi chinsalu chanucho. Koma mwanayo amayang'ana m'mwamba chaka ndi theka, manja atamangidwa. Aziona chiyani, thabwa?"

"Mwanayo ali ndi ndalama zingati m'thumba?"

"Alibe thumba. N'chifukwa chake ndimamukonda."

Anali ndi mayankho oterewa, okuti ukafika kunyumba ndi pamene umapeza chowabwezera.

Zoona zake n'zakuti ine ndinkadziwa ogula kuposa iwo. Beshiki ya mwana woyamba amagula ndi mayi wa mkazi, ndipo saipititsa mobisa. Amainyamula poyera, malipenga akulira patsogolo, mikate ndi maswiti zili m'mabeseni pambuyo, azimayi a m'dera lonse ataima pazipata. Ulendo wake sukwana ndi ola, koma amaukamba zaka. Mayi amene wabwera kumsika sakugulira khanda pogona pokha. Akugula zimene azimayi aja akanene akatseka zipata zawo. Onsewo amadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, amachita kukuuza okha mwambiwo, kenako n'kuloza mkuyu womwewo kuti, "Ndikulungireni umenewu." Ine ndemwe ndinkadyera pomwepo. Chophimba cha veleveti cha mphonje zagolide ndinkachigulitsa kawiri mtengo wa cha thonje, chikhalirecho cha thonje ndiye chimapititsa mphepo bwino.

Choncho Nodirbek atatsegula shopu yake kutsidya kwa kanjira, sindinadabwe ndi mzere umene unayamba kuima pakhomo pake. Anali mwamuna wochangamuka, wa foni ziwiri. Mabeshiki ake ankabwera pa lole, a mtengo wofewa wosachedwa kufumbwa, koma atawapopera penti yagolide paliponse, timagalasi ndi mikanda zili mbee. Dzuwa likawomba m'shopumo unkachita kuphimba maso. Mtengo wake unali wokwera katatu kuposa wa a Turdiali, ndipo kukwera mtengoko kunkakoka anthu, chifukwa aliyense m'tauni ankaudziwa. Ukanyamula ya Nodirbek sunkafunika kutsegula pakamwa.

A Turdiali sanamunenepo choipa. Tsiku lina anapita kukaiona imodzi, anaigwedeza, anasuzumira kunsi, n'kubwerera. "Wapenta bwino," anatero. "Wangoiwala kuti mudzagona munthu." Kuyambira chaka chimenecho ankagulitsa imodzi kapena ziwiri pa mwezi, makamaka kwa anthu akumidzi ndi kwa amene iwo eni anagonapo m'beshiki ya a Turdiali ali makanda. Tiyi yekha sanasinthe.

Zebo anakulira pansi pa tebulo lawo. Ankabwera kunyumba tsitsi lili utuchi wokhawokha, ndipo ankawatchula kuti amalume. Atakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi anafunsiridwa ndi banja la nyumba yosanja, la shopu ya zitsulo za magalimoto. Mnyamatayo anali wabwino, sindinganame. Koma mayi ake, a Mastura, anali ndi lilime lakuthwa lobisika mu uchi. Tsiku loonetsa katundu wa mkwatibwi anatsina chimodzi mwa zofunda zimene ndinasoka miyezi isanu, n'kufunsa pamaso pa azimayi onse kuti, "Mwasoka nokha, asewere? Eee, zikuoneka." Azimayi anaseka m'mipango. Zebo anangoyang'ana pansi, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti mawu amenewo anamutsatira m'nyumba muja chaka chonse. Akawotcha mpunga, akaswa kapu, zinali zomwezo: za kwa osoka okha.

Sabata ya ukwati yomweyo a Turdiali anandiuza kuti apatula matabwa. "Matabwa a Zebo ali padenga, chemwali. Asafulumire, mtengo uume kaye." Mimba itayamba kuoneka, anawatsitsa. Ndinkawaona akupala, akuyeza, akuimba chapansipansi. Beshikiyo inkakula pamaso panga, yosalala, yolimba, ya timizere tiwiri.

Mwana anabadwa wamkazi, anamutcha Mohira. Nditapita kukawaona kuchipatala, Zebo anadikira kuti apongozi ake atuluke, kenako anandigwira dzanja. "Amayi," anatero monong'ona, "chonde, asakandisekenso." Sanatchule beshiki, sanatchule amalume ake. Panalibe chifukwa chotchulira.

Ndinavutika nazo masiku anayi. Lachisanu masana, a Turdiali atapita ku mzikiti, ndinawoloka kanjira kaja. Ndinaloza yagolide kuposa zonse, ya timagalasi mpaka m'miyendo. Nodirbek sanandifunse kanthu, anangoitana takisi kuti iime kumbuyo kwa shopu. Ndinkaganiza kuti ndachenjera. Mumsika! Pamene a Turdiali ankavala nsapato pakhomo pa mzikiti n'kuti mayi wogulitsa anyezi atawatsina kale khutu. Posakhalitsa anabwerera pa shedi. Anatenga nsalu n'kuphimba beshiki ya Zebo, n'kuyamba kupala thabwa lina.

Kutatsala masiku asanu kuti tiperekeze beshiki, m'mawa, pabwalo panga panali azimayi asanu ndi mmodzi ondithandiza kumaliza zosoka. Golide uja anali pakati pa bwalo, aliyense akumusisita. Tinangomva kugogoda pachipata. Anali a Turdiali, atavala chijasi cha ku mzikiti, kabokosi ka penti kali m'khwapa.

"Ndamva kuti kwafika mlendo, chemwali. Ndati ndidzamulonjere."

Ndinawalowetsa. Iwo anazungulira beshikiyo, anaigwedeza, anapeza mwendo umodzi wogwedera, anatulutsa kamtengo m'thumba n'kuukhomerera. "Golideyu ndi wabwino," anatero, "asewere anu akondwa." Kenako anavula chijasi, anachiyala pansi, n'kuyamba kugona chagada. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri, mawondo ankachita kulira. Anatsamira mutu m'kati, anapempha mayi wina kuti awapatsire kabokosi, n'kuyamba kupenta.

Azimayi anayamba kukodolana. Wina, wa pakamwa posatseka, anafunsa mokweza kuti, "Salomat, kodi masiku ano timagula kwina n'kukakometsera kwina?" Onse anaseka. Ine nkhope inali moto. Maola awiri athunthu miyendo ya mkuluyo inali tambalale pakati pa bwalo langa, nsapato zake zong'ambika zikuloza kumwamba, ndipo m'maola awiriwo manyazi anga anasanduka mkwiyo. Ndinadziuza kuti wabwera dala. Akanatha kundikalipira kumsika, tili awiri. Koma wasankha kudzandiyalutsa pamaso pa anthu ndi ubwino wakewo, kuti dera lonse lidziwe kuti Salomat ndi wosayamika.

Atadzuka, akugwira msana, anati, "Musaphimbe masiku atatu. Pakauma mukaone."

Mlendo sachoka osamwa tiyi. Ndinalowa m'nyumba, ndinabwera ndi tipoti, ndinatenga kapu, ndipo ndinaidzaza mpaka m'milomo. Azimayi aja anasiya kuseka. A Turdiali anaiyang'ana kapuyo kanthawi, anailandira ndi manja awiri kuti asataye, anamwa yense wotentha choncho, anathokoza, n'kunyamula kabokosi kawo. Kunsi kuja sindinayang'aneko. Tsiku lachitatu ndinaponyapo veleveti ndili chiimire.

Ndinene chilungamo: mwambo unayenda bwino kuposa mmene ndinkalotera. Pachipata ndinavundukula chophimba kuti golide aoneke, malipenga analira, azimayi anatuluka ndi ufa m'manja. A Mastura anatichingamira panja, anayendetsa chala pa timagalasi, n'kunena mokweza kuti, "Asewere, mwatilemekeza." Agogo ena achikulire atamugoneka Mohira n'kumumanga malamba, maswiti akugwa ngati matalala, ndinaona Zebo atakhala mowongoka pakati pa azilamu ake, akuseka mano onse panja, koyamba chikwatiwire. Ndinalipirira nkhope imeneyo. Mpaka lero wina akandifunsa chifukwa chake anthu amataya ndalama pa zonyezimira, sindimuseka wogulayo, chifukwa sindidziwa amene akumudikira pachipata. Kugula kuja sindinong'oneza nako bondo. Chimene chimandiwawa ndi china.

Lolemba lotsatira ndinapita kumsika ndi fulasiki yatsopano, yofiira, ya maluwa. Teni itakwana, a Turdiali anatulutsa tipoti ndi timakapu tiwiri monga mwa masiku onse. Ine ndinatsegula fulasiki yanga n'kudzithirira. Anayang'ana.

"Yokongola," anatero. Patapita kanthawi anafunsa, maso ali pa tipoti, "Munaona, chemwali?"

"Ndinaona," ndinanama.

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Zikomo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa yankho lomveka. Anapukuta kakapu ka buluu n'kukabwezera m'bokosi. Sikanatulukenso.

Sitinadane ayi. Tinkapatsana moni, ndikachoka ankandiyang'anira katundu, akadwala ndinkafunsa kwa akazi awo. Koma mikangano ija inatha, ndipo ndi imene inali chakudya chathu. Kangapo konse ndinkafuna kusiya fulasiki kunyumba, n'kufika chimanjamanja, n'kungonena kuti, "Achimwene, supuni yanu ya mankhwala ija ilipo?" Ndinkati mawa. Beshiki ya Zebo anaigulitsa kwa mayi wina wochokera kumapiri, amene anagona pa chiguduli osanyinyirika, n'kudzuka akupukuta m'maso.

Zinatha choncho zaka ziwiri. Nyengo yozizira ya chaka chachiwiricho shedi yawo inakhala yotseka sabata yathunthu, ndipo Lachiwiri lotsatira mwana wawo anabwera kudzatiuza kuti atisiya. Ndinapita kukalira ndi akazi awo. Shediyo tsopano muli munthu wogulitsa zikwama za mafoni. Utuchi kulibe, katundu wanga sada, mutu sundipwetekanso, ndipo msikawo ndimauona ngati wa eni ake.

Chaka chatha Zebo anali woyembekezera mwana wachitatu. Mkamwini anabweretsa beshiki ija pagalimoto kuti ndiisokere zatsopano, ndi uthenga wa a Mastura wakuti chophimba chikhale chachitali ndithu, chofika pansi. Nditaiona ndinamvetsa. Golide anali atasupuka ngati khungu la njoka, timagalasi tatsala titatu, mikanda ana anaitolatola. Mwendo umene a Turdiali anakhomerera ndi wokhawo umene sunkagwedera.

Anali masana, ndili ndekha pabwalo. Ndinkafuna kuyeza malamba, ndipo chingwe choyezera chinakodwa kunsi kwa mtanda. Ndinagwada, sindinachione. Ndinayang'ana kuchipata ngati pali munthu. Kenako ndinayala mpango wanga, ndinagona chagada, n'kutsamira mutu pamene panagona Mohira ndi mlongo wake.

Penti yake inali ngati ya dzulo, chifukwa dzuwa silinafikeko. Kumutu kunali anamzeze asanu akuthamangitsana, wotsiriza atatembenuka ngati waiwala kanthu. Kenako vwende long'aluka, njere zake zakuda zowerengeka bwino. Kenako kamtsikana ka tsitsi la utuchi katakhala pansi pa tebulo, ndipo ndinakazindikira ndisanaganize n'komwe. Ndinatsatira mtandawo ndi maso mpaka kumiyendo, kumene khanda silingaone bwino, kumene angaone ndi munthu wamkulu yekha amene wachita kufunafuna.

Kumeneko kunali tipoti, yaing'ono ngati chala chachikulu, mlomo wake wa kachitini. Pambali pake timakapu tiwiri, ka buluu ndi koyera kobenthuka. Anatijambula mopendeketsa pang'ono kuti m'kati muoneke. Monsemo munali tiyi pang'ono pokha, pansi pa kapu.

Anapenta zimenezi ali chigonere pabwalo langa, azimayi akuwaseka, ine ndikuwiritsa madzi oti ndiwadzazire kapu. Ndiye Lolemba lija anandifunsa ngati ndaona, ine n'kuwauza kuti ndaona, fulasiki ili m'manja.

Sindikudziwa kuti ndinagona pamenepo nthawi yaitali bwanji. Misozi inkatsikira m'makutu, monga imachitira munthu akalira chagada, ndipo sindinaipukute.

"Ndaona, achimwene," ndinatero mokweza, pabwalo popanda munthu. "Thiraninso."